Timasitika ta Monarch Watch: phukusi labwino lomwe limafuna munthu wodziwa zigono za agulugufe

Phukusi la timasitika tomata pa agulugufe a monarch (agulugufe a ku North America omwe amasamukira ku Mexico nyengo yozizira), lomwe bungwe la Monarch Watch limagulitsa chaka ndi chaka, ndi laling'ono moti limakwana mu envelopu imodzi. Mkati mwake mumakhala mapepala a timasitika, pepala lililonse timasitika 25, fomu yolembapo agulugufe omwe mwamata, ndi malangizo. Neti mulibemo, timaenvelopu tosungiramo agulugufe mulibemonso, zimenezo mumagula padera. Bungweli lili pa University of Kansas mumzinda wa Lawrence ku United States, ndipo analiyambitsa ndi Chip Taylor mu 1992. Chiyambireni, anthu odzipereka amata timasitika toposa 2 miliyoni pothandiza ofufuza kutsata ulendo wa agulugufewa. Ife tikuona kuti phukusili analipanga bwino ndipo ndi loyenera kugula, koma phindu lake lagona pa chinthu chomwe simuchipeza mu envelopumo: kuzindikira gulugufe amene wasiya zoswana ndipo ali pa ulendo wa ku Mexico, komanso kudziwa kumene agulugufe oterewo amagona usiku.

Kasitika kenikeniko n'kovuta kukapezera chifukwa. Ndi kozungulira, pafupifupi mamilimita 9 m'mimba mwake, ka pulasitiki yopyapyala ya polypropylene yosalowa madzi, ndipo kuseri kwake kuli guluu wogwira mukangopanikiza. Pamwamba pali zilembo ndi manambala zomwe sizifanana ndi za kasitika kena kalikonse, ndiponso njira yotumizira uthenga kwa bungwelo munthu akakatola. Gulugufe wa monarch amalemera pafupifupi theka la gramu, ndipo kasitikaka amakanyamula mtunda wa makilomita 3,000 kapena 4,000 osavutika nako. Kale sizinali choncho. Fred Urquhart ndi mkazi wake Norah a ku University of Toronto, omwe anayamba ntchitoyi Monarch Watch isanabadwe, ankapala timamba ta m'mphepete mwa phiko lakutsogolo n'kupindirapo kapepala. Njirayo inabala zipatso: mu Januwale 1975 Ken Brugger ndi Catalina Aguado anapeza kumene agulugufewa amathera nyengo yozizira m'mapiri a Mexico, ndipo patatha chaka Urquhart atafika komweko anapeza gulugufe wa chizindikiro PS 397 yemwe anachokera ku Chaska, Minnesota. Kungoti kupala phiko kunkafuna dzanja lozolowera, wina akalakwitsa phiko linkathyoka. Kasitika kamakono sikafuna kupala chilichonse, ndipo mwana wa sukulu amatha kukamata bwinobwino akaonetsedwa kawiri.

Vuto lili pa gulugufe woti mumumate.

Agulugufe a monarch otuluka m'chikwa mu Juni ndi Julayi amakhala moyo masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi basi. Pasanathe masiku ambiri amakhala atayamba kukwerana, ndipo wamkazi amaikira mazira 300 mpaka 500, limodzilimodzi, kunsi kwa masamba a milkweed, chomera cha utomoni woyera chomwe ndicho chakudya chokha cha mbozi zake. Koma m'badwo wotuluka kuyambira pakati pa Ogasiti kumpoto umabadwa ziwalo zoberekera zisanakhwime, ndipo zimakhala choncho miyezi ingapo. Akatswiri amatcha mkhalidwewu diapause. Kafukufuku wa Goehring ndi Oberhauser wa mu 2002 anaonetsa zinthu zitatu zomwe zimauyambitsa gulugufe akadali mbozi kapena ali m'chikwa: masana kufupika tsiku ndi tsiku, usiku kuzizira pamene masana kukufunda, ndi masamba a milkweed okalamba. Zikakumana zitatuzi, thupi limapanga juvenile hormone yochepa kwambiri. Mazira sakhwima, chilakolako chokwerana chimazirala, ndipo zonse zomwe gulugufe amamwa m'maluwa zimasanduka mafuta a m'mimba. Kuchepa kwa homoni yomweyi ndiko kumatalikitsa moyo wake kufika miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi. Ameneyu ndiye amafika ku Michoacán, chigawo cha ku Mexico. Winayo, ngakhale mutamumata mwaluso chotani, afera m'dera lanu lomwelo ndi kasitika kanu.

Chosokoneza n'chakuti kumapeto kwa Ogasiti mitundu iwiriyi imapezeka m'munda umodzi, pa duwa limodzi. Kum'mwera, ku Oklahoma ndi Texas, kumafikanso agulugufe oswana omwe amatsogola masabata angapo ulendo weniweni usanayambe, n'kumaikira mazira m'njira. Munthu wogula koyamba akaona agulugufe ambiri m'munda mwake amathera pepala lonse pa iwowo, ndipo apaulendo enieni akamafika timasitika tatha.

Palibe chizindikiro chakunja chimodzi chomwe chingakutsimikizireni, koma zilipo zothandiza. Yambani ndi mapiko. Wa paulendo amakhala watsopano: mtundu wake wa lalanje ndi wowala, mitsempha yakuda bii, m'mphepete mosang'ambika. Wotuwa, wopalika timamba mpaka phiko kuonekera, ndi nkhalamba ya m'badwo woswana, musiyeni. Kenako onani zochita zake. Wamwamuna amene akungozungulirazungulira pa milkweed n'kumathamangitsa anzake ndi woswana. Wamkazi amene akutera pa tsamba, n'kupinda mimba yake kunsi kwa tsambalo, akuikira mazira. Wa diapause amakakamira pa maluwa a goldenrod, aster kapena Liatris nthawi yaitali, salabadira mnzake amene watera pambali pake, ndipo akanyamuka amalunjika kum'mwera chakumadzulo osakhotakhota. Kwa wamkazi palinso njira ya m'manja: mukasisita mimba yake pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, amene anakwerana posachedwa mumamva kanthu kolimba ngati kamkanda, komwe ndi kathumba ka umuna komwe wamwamuna anasiya. Njirayi imafuna dzanja lofewa, ndipo ongoyamba kumene angachite bwino kudalira mapiko ndi zochita.

Pa nkhani ya nthawi, Monarch Watch yachita mbali yake. Ili ndi tebulo la masiku omwe ulendo umafika pachimake malinga ndi latitude, kutanthauza madigiri oonetsa kuti malo ali kumpoto motani: pa 49 ndi cha pa 26 Ogasiti, pa 45, mzere wa Minneapolis, cha pa 6 Seputembala, pa 39, pomwe pali Lawrence, cha pa 22 Seputembala, pa 35 cha pa 2 Okutobala, ndipo pa 29 kum'mwera kwa Texas cha pa 18 Okutobala. Ku mapiri a Mexico oyamba amafika kumayambiriro kwa Novembala. Masikuwa amasuntha pang'ono malinga ndi nyengo ya chakacho, koma sasuntha kwambiri, chifukwa chomwe amatsatira ndi kukwera kwa dzuwa. Taylor ndi anzake anapeza mu 2019 kuti otsogola amafika pamalo dzuwa la masana enieni likatsika kufika madigiri 57 kuchokera pansi, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 alionse opezeka ku Mexico anamatidwa dzuwalo lili pakati pa madigiri 57 ndi 46. Tanthauzo lake kwa wogula n'lakuti timasitika tambiri tiziikidwa mkati mwa masabata ochepawo. Omatidwa mochedwa safika ambiri: maluwa amakhala atafota ndipo chisanu chimawapeza m'njira.

Tebulo limakuuzani sabata, koma silikuuzani za gulugufe amene ali mu neti yanu. Apa mpamene zigono zimathandiza, ndipo n'chifukwa chake timati wogula phukusili ayambe wapeza chigono asanatsegule envelopu.

Agulugufe a monarch amauluka aliyense payekha, masana okhaokha. Dzuwa likapendeka amatsika, amamwa m'maluwa komaliza, kenako amayamba kuzungulira mitengo. Mmodzi akatera pa nthambi ena amamutsatira, ndipo wobwera kumene akayandikira, omwe atera kale amatambasula mapiko mwadzidzidzi, nthambi yotuwa ija n'kung'anima lalanje kenako n'kutuwanso. Pofika kachisisira amakhala atadekha, mapiko otseka, akulendewera makumi, mazana, nthawi zina masauzande. Agulugufe oswana sachita zimenezi, amagona motalikirana. Choncho gulugufe wotengedwa pa chigono cha mu Seputembala ndi wa paulendo pafupifupi nthawi zonse, ndipo funso lovuta lija layankhidwa lokha.

Chigono sichikhala paliponse. Amasankha mbali ya mtengo yomwe mphepo sikuwomba, pafupi ndi maluwa ambiri. Kumpoto yang'anani mzere wa mitengo ya paini, cedar kapena maple m'mphepete mwa munda wa clover kapena alfalfa wochita maluwa. Ku Texas amakonda mitengo ya pecan, oak ndi willow m'zigwa za mitsinje, komwe frostweed imachita maluwa nthawi yomweyo. Malo ena odziwika ndi nsonga za mtunda zoloza kum'mwera, kumene agulugufe amaunjikana poyembekezera kuoloka madzi: Point Pelee pa nyanja ya Erie ku Ontario, Peninsula Point ku Michigan, ndi Cape May ku New Jersey. Zigono zambiri zimatha pakapita usiku umodzi kapena uwiri. Koma mphepo ikamachokera kum'mwera kapena mvula ikakakamira, amakhala masiku angapo ndipo chiwerengero chimakwera madzulo alionse. Mphepo ikangotembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto, m'mawa mwake mtengo umatsala wokha. Wofuna kumata ambiri aziyang'ana za mphepo kuposa kalendala.

Nthawi yogwira ndi m'mamawa kusanafunde. Gulugufe sangauluke bwino kukazizira kutsika pa madigiri 13 Celsius, amayembekezera dzuwa limuwombe, n'kumanjenjemeretsa mapiko kuti minofu itenthe. Neti ikhale ya mkombero wosachepera masentimita 30 ndi thumba lakuya masentimita 60, lofewa, kuti mukagwira muzitha kupinda thumbalo pamkombero n'kutseka. Ikani neti kunsi kwa kagulu ka pa nthambi yotsika, n'kuikweza pang'onopang'ono. Musagwedeze nthambi. Ozizidwa amagwa pansi, ndipo pa udzu wa mame amanyowa, amapondedwa kapena kugwidwa ndi mbalame. Musamuzule gulugufe pa tsamba mokoka, chifukwa zikhadabo za miyendo yake zimakola zolimba ndipo mwendo umaduka. Mu neti asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi pa nthawi imodzi, akachuluka amapalana timamba. Ndipo usiku chigono chisiyeni, musachiunike ndi tochi: kuwala kumawadzutsa n'kuyamba kuuluka mumdima, kutaya mafuta omwe akufunika pa ulendo.

Pali kusagwirizana kumodzi komwe muyenera kukudziwa. M'mawa wozizira ndi wabwino pogwira, koma ndi woipa pomata. Guluu sagwira pa phiko la mame, ndipo kukazizira amalimba. Kasitika kamaoneka ngati kamata, koma kamagwa tsiku lomwelo. Chochita n'kuika gulugufe aliyense m'kaenvelopu ka pepala losalala lotchedwa glassine, mapiko otseka, n'kuwasunga pamthunzi mpaka aume, ndipo pepala la timasitika mulisunge m'thumba la malaya kuti likhale lofunda. Musalisiye m'galimoto yotentha, guluu amafooka.

Kamatidwe kake n'kotere. Gwirani mapiko onse anayi otseka ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, m'mphepete mwa mapiko akutsogolo pafupi ndi thupi, pomwe mitsempha ndi yolimba. Lembani kaye musanamate: nambala yonse ya kasitika, tsiku, mwamuna kapena mkazi, W ngati ndi wakutchire kapena R ngati ndi woweta, ndi malo. Wamwamuna ali ndi kadontho kakuda pa mtsempha wa phiko lililonse lakumbuyo ndipo mitsempha yake ndi yopyapyala, wamkazi alibe kadonthoko ndipo mitsempha yake ndi yokhuthala. Matulani kasitika ndi kamtengo kotokosera m'mano, osakhudza guluu ndi chala. Kaikeni kunsi kwa phiko lakumbuyo, pa discal cell, kachigawo kakakulu kozunguliridwa ndi mitsempha yakuda pafupi ndi pomwe phiko lalumikizana ndi thupi. Panikizani mbali zonse ziwiri, chala chimodzi pa kasitika china kuseri kwa mapiko, kwa masekondi asanu kapena kuposerapo, mukugubuduza kamtengo kaja kuti kachoke. Kenako muikeni pa duwa kapena pa nthambi yowombedwa dzuwa. Pa zonsezi tinyanga take musatikhudze. Kafukufuku wa mu 2009 wa gulu la Steven Reppert anaonetsa kuti wotchi yomwe gulugufe amawerengera nayo kuyenda kwa dzuwa ili m'tinyangamo, ndipo tikaonongeka amasokera.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri ndi zazing'ono koma zimaononga ntchito yonse. Kasitika koikidwa kumapeto kwa phiko kamalemetsa mbali imodzi ndipo kamachoka phikolo likayamba kung'ambika. Mafuta odzola a dzuwa kapena othamangitsa udzudzu pa zala amapha guluu, ena amavulazanso gulugufe, choncho sambani m'manja. Ena amamata viceroy, gulugufe wofanana kwambiri ndi monarch koma wocheperako, yemwe ali ndi mzere wakuda wodutsa chopingasa pa phiko lakumbuyo ndipo sapita ku Mexico. Zilembo za pa kasitika ndi zazing'ono ndithu, munthu wa maso ofooka akhale ndi magalasi, ndipo njira yopewera chisokonezo n'kumata motsatira ndondomeko ya pa pepala, osadumphadumpha. Timasitika totsala musatisungire chaka chamawa, manambala ake ndi a chaka chomwe munagula. Cholakwika chachikulu pa zonse n'kusatumiza zomwe mwalemba. Mungatumize pa intaneti kapena pa pulogalamu ya pafoni ya bungwelo. Kasitika kopezeka ku Mexico komwe palibe amene analemba tsiku ndi malo ake sikaphunzitsa munthu kanthu, chikhalirecho bungwe lalipira amene wakatola.

Chinthu china chomwe tikanakonda chikanakhala m'phukusi momwemo ndi chothana ndi OE, kachilombo kotchedwa Ophryocystis elektroscirrha. Timbewu take timakhala pa timamba ta pamimba, ndipo munthu wogwira agulugufe makumi angapo ndi neti imodzi, manja amodzi ndi timaenvelopu tomwetomweto akhoza kukafalitsa yekha. Kaenvelopu kagwire ntchito kamodzi. Neti muziiviika m'madzi a bleach, gawo limodzi la bleach pa magawo anayi a madzi, kwa mphindi 20, n'kuitsukuluza bwino. Ofuna kuyeza kachilomboka angalumikizane ndi Project Monarch Health ya pa University of Georgia, yomwe imagwiritsa ntchito kachomata koonekera komwe amakhudzitsa pamimba pa gulugufe.

Oweta mbozi kunyumba nawonso amagula timasitika, ndipo ndi bwino adziwe kuti agulugufe oweta amapezeka ku Mexico mochepa kuyerekeza ndi akutchire. Chimodzi mwa zifukwa chikhoza kukhala diapause yomwe ija. Mbozi yokulira m'chipinda cha magetsi oyaka mpaka usiku, chofunda chimodzimodzi usana ndi usiku, yodya masamba anthete okhaokha, silandira uthenga woti nyengo yatha. Kafukufuku wa mu 2019 wa pa University of Chicago anapeza kuti agulugufe oleredwa m'nyumba ankalephera kulunjika kum'mwera. Ngati mukuweta, khola likhale panja, pomwe mbozi izimva kufupika kwa masana ndi kuzizira kwa usiku. Milkweed wa kumalo otentha, Asclepias curassavica, amene safota m'madera ofunda, amakopa apaulendo kuti ayambenso kuswana m'njira, choncho m'dulireni pansi ulendo usanafike. Wotuluka kumene m'chikwa mudikireni mpaka mapiko aume gwa, ndi bwinonso kumata mawa lake. Chilembo cha R musachiiwale, n'chimene chimathandiza ofufuza kusiyanitsa magulu awiriwa.

Nanga mumapindulanji? Pano wogula asanamizidwe. Agulugufe amakathera nyengo yozizira m'nkhalango za mitengo ya oyamel pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000 m'zigawo za Michoacán ndi México, m'malo monga El Rosario, Sierra Chincua ndi Cerro Pelón, omwe UNESCO inawaika m'gulu la World Heritage mu 2008. Anthu a m'midzi yozungulira amafufuza timasitika pakati pa agulugufe akufa pansi pa mitengo, ndipo Monarch Watch imatigula pa mtengo wa pafupifupi madola 5 kamodzi. Mbali ya ndalama zanu imapita kumeneko, ndipo ife tikuona kuti ndi kugwiritsa ntchito ndalama mwanzeru. Koma opezeka ndi ochepa. Pa agulugufe pafupifupi 1.4 miliyoni omatidwa kuyambira 1998 mpaka 2015, opezeka ku Mexico anali pafupifupi 14,000, kutanthauza mmodzi pa 100 alionse. Wogula pepala limodzi la 25 angathe zaka zingapo osamva kanthu. Omata ku Iowa, Kansas kapena Oklahoma ali ndi mwayi waukulu kuposa a m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Zaka zomwe timasitika tambiri timapezeka nthawi zina ndi zaka za tsoka, monga mkuntho wa Januwale 2002 utapha agulugufe mamiliyoni. Mndandanda wa topezeka umatuluka nyengo yozizira itatha, ndipo mumadzifufuzira nokha manambala anu, choncho sungani fomu yanu.

Kasitika kamangokuuzani malo awiri, poyambira ndi pothera. Sikanena zigono zomwe gulugufe anagonamo m'njira, kapena masiku omwe mphepo inamuimitsa. Za zigono amasonkhanitsa ndi a Journey North, gulu lina lotsata maulendo a agulugufewa, ndipo wopeza chigono ndi bwino alembe komweko tsiku, mtundu wa mtengo, mbali ya mphepo ndi chiwerengero chongoyerekeza. Palinso tizida ta wailesi ta BlūMorpho tolemera mamiligramu 60 tomwe timaonetsa njira yonse, koma mtengo wake ndi wa ofufuza, osati wa munthu wa m'munda mwake. Pa ntchito yowerenga agulugufe masauzande chaka ndi chaka, kasitika ka pulasitiki kakadali patsogolo, ndipo ntchitoyo ndi yofunika: nkhalango yomwe agulugufe anadzaza ku Mexico inali mahekitala 18.19 mu 1996–97, inatsika kufika 0.67 mu 2013–14, ndipo inali 0.9 mu 2023–24.

Phukusili si la aliyense. Timasitika ta Monarch Watch ndi ta agulugufe a kum'mawa kwa mapiri a Rocky okha. A ku Arizona ali ndi Southwest Monarch Study, ndipo ku California kugwira monarch kumafuna chilolezo cha boma. Canada inaika monarch m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yotheratu mu Disembala 2023, choncho a kumeneko afunse za chilolezo asanatulutse neti. M'mapaki a boma monga Point Pelee ndi koonerera chabe pokhapokha mutaloledwa, ndipo pa munda wa munthu pemphani mwini wake. Kum'mwera kwa Florida agulugufe ambiri amaswana chaka chonse osapita kulikonse, kumata kumeneko n'kutaya timasitika.

Ngati muli m'dera loyenera, itanitsani Ogasiti asanafike, chifukwa timasitika ta chaka timasindikizidwa towerengeka ndipo amayamba kutumiza kwa a kumpoto. Wa maluwa ochepa pakhomo agule 25. Amene akudziwa mzere wa mitengo womwe agulugufe amagonamo chaka ndi chaka agule 100 kapena 200, apezenso mnzake wolemba pamene iye akumata, chifukwa dzuwa likangowomba mtengowo agulugufe onse amatha kunyamuka pasanathe ola limodzi.